Za foni unatumizira mwanayu

Mwana wanga,

Ndalama ija ndinalandira pa Mpamba, Mulungu akudalitse. Mankhwala ndagula, ndipo denga la khitchini achimwene ako alikonza mwera usanayambe. Koma nkhani yandigwiritsa cholembera ndi ya foni.

Ndikudziwa unaitumiza ndi mtima wabwino, kuti uzimuona mwana wako pa WhatsApp poti ku Joni n'kutali. Nanga wamufunsapo kuti masiku ano amagona nthawi yanji? Ine ndikadzuka pakati pa usiku ndimaona kuwala mkati mwa neti yake. Asodzi a usipa ali panyanja ndi nyali zawo, iyenso ali ndi yake pamphasa. M'mawa maso ali psuu, phala akumwa akuwodzera, chonsecho ndi wa Sitandade 8, mayeso ali pakhomo.

Tsiku lina ndinamutuma ku boma kukagula sopo ndi shuga. Chenji sichinabwere. Akuti anagula bandulo. Ndinangoti kaya. Koma tsopano anthu akundinong'oneza kuti amakhala ndi anyamata ena pafupi ndi mlatho, aja amabetcha mpira wa ku England pa foni. Mwana wanga, imeneyo ndi njuga, ngakhale aitchule dzina lina. Lamulo silola wosakwana zaka 18 kubetcha, koma iwe waiwala kuti nambalayo tinalembetsa ndi chiphaso changa? Foni ikudziwa kuti akubetchayo ndine, gogo wa imvi mbuu. Ndikaganiza zimenezi nsima imandikanika.

Iwe sunakule chonchi. Pakhomo pano panali wailesi ya malemu bambo ako yokha, mabatire tikuyanika padzuwa kuti atifikitse pa nkhani za madzulo. Kanema wa dziko lino anayamba mu 1999, ndipo kwathu kuno tinkangomva mbiri. Ukasowa pakhomo ndinkatsikira kugombe, amayi oyanika usipa pathandala n'kundiuza kuti ali uko akusewera phada ndi ana a uje. Anzako onse ndinkawadziwa, ndi amayi awo omwe. Paja tsiku lija unabwera ndi mphete ya m'khutu imodzi, dzuwa lisanalowe ndinali nditadziwa mwini wake! Lero mdzukulu wanga ali nane pakhonde pomwe pano, tikudya mbale imodzi, koma sindidziwa akucheza ndi ndani. Akuseka yekha, ndikayandikira amaitembenuza. Zolembedwazo n'zachizungu, zimathamanga, maso anganso ndi awa. Ndingakafunse kwa yani?

Usamulande, ayi. Amandiwerengera mauthenga, ndipo za sukulu zina amazipeza momwemo. Ndi mwana wabwino, madzi amanditungira osanyinyirika. Usamukalipirenso ngati mmene unachitira ulendo uja, anakhala osadya mpaka m'mawa. Koma ndalama ya bandulo usamutumizirenso iye, uzitumiza kwa amalume ake. Nambala yachinsinsi ya Mpamba isinthidwe, aidziwe achimwene ako okha. Ndipo ikakwana 8 koloko usiku foniyo izigona kuchipinda kwanga. Zimenezi umuuze wekha ndi pakamwa pako, chifukwa ine ndikanena amangoseka, akuti agogo simudziwa za masiku ano. N'zoona sindidziwa. Odziwa ndiwe, amene unagula.

Ndiponso leka kumangomuponyera timawu tojambula uli pa basi. Muimbire, umuone nkhope, akutsegulire makope ake uone ngati muli zolemba za aphunzitsi. Umufunse mayina a anyamata a kumlathowo, mmodzimmodzi, undiuze. Mmera m'poyamba. Msuweni wako uja anagulitsa ukonde wa bambo ake chifukwa cha njuga anayambanso ndi tindalama ta chenji, ukumukumbuka.

Usiku foniyo izigona kwa ine, ndabwerezanso dala.

Pa Khirisimasi ubwere, usatinamizenso. Nsapato za sukulu zamuthina, umugulire zokulirapo pang'ono. Azakhali ako akupereka moni.

Ndine mayi ako.