Kwa mphwanga, za kagalu ukufuna kaja

Mphwanga,

Moni wochokera kuno ku Moatize. Ndatumiza pa foni ya amayi ako, ndiye mawu ena akakuvuta uwapemphe akuwerengere, koma ndamva kuti masiku ano ukuwerenga wekha ngati profesora, ndiye yamba wayesa kaye.

Uthenga wako wa mawu uja ndinaumvera katatu ndili pa ntchito mpaka anzanga kumaseka, akuti mwana ameneyu akulamula ngati mfumu. Eti ukufuna galu, ndipo osati galu wamba ayi, ukufuna wamkulu wa makutu oima ngati amene unamuona kuseri kwa geti tsiku lija tinawoloka mlatho wa Samora Machel kupita mu Tete, amene iwe unkati galu wa apolisi. Kkkk ndikukumbuka mmene unandigwirira buluku atauwa, lero ndiye ukumufunanso.

Tamvera ndikuuze za galu ameneyo. Kuno amamutcha pastor alemão, mtundu wake unachokera ku Germany, ndipo wamwamuna akakula amalemera makilo 30 mpaka 40, kutanthauza kuti kuposa iweyo, ukamumanga chingwe ndi iyeyo amene angamakukoke osati iwe kumukoka. Kudya kwakenso si masewera, mbale yake imaposa ya abambo ako, ndipo safuna mkute okha, amafuna nyama kapena chakudya cha m'matumba chogula ku shopu, ndiye tangoganiza amayi ako agulitse kachewere kumsika ku Vila Ulónguè kuti ndalama yake ikathere kwa galu, iwe nsapato za kusukulu ulibe, zingatheke zimenezo? Ndipo kuno ndimawamvera chisoni agalu amenewa, mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, umangowapeza agona pansi pa galimoto lilime lili panja wefuwefu, ubweya wonse uja uli ngati munthu wavala jekete masana. Kwanu ku Angónia kozizirako akhoza kusangalala, izo nzoona, koma mimba yake ndi yomweyo.

Ine ndikuti tiyang'ane pafupi. Amayi ako andiuza kuti galu wa agogo aja a kuseri kwa tchalitchi waswa tiana 6, sabata ya tsiku la ana lija, pa 1 Juni. Agalu athu akumudzi amenewa, ofiirira, owonda miyendo, mchira wopindikira m'mwamba, anthu amawanyoza koma ine sindiwanyoza olo pang'ono. Anazolowera dziko lathu, dzuwa amalidziwa, chisanu amachidziwa, nsima ya mgaiwa yothira msuzi amadya osadandaula, ndipo usiku kukabwera fisi kapena munthu wofuna mbuzi za agogo ako sagona tulo. Galu wotere ndi amene angakhale bwino pakhomo panu.

Koma usathamange. Ndikudziwa mtima wako, ukufuna upite mawa lomwe ukanyamule kamodzi ubise mu malaya. Ayi mphwanga, dikira. Tiagalu timabadwa tosaona komanso tosamva, maso amatseguka pakapita masiku 10 mpaka 14, ndipo timafunika kukhala ndi make mpaka masabata 8, ndiye miyezi iwiri imeneyo. Si nkhani ya mkaka yokha ayi, kumeneko ndi kusukulu kwawo, kakaluma kanzake mopweteka kanzakeko kamalira nkusiya kusewera nako, make nayenso amakakalipira, ndiye kamaphunzira kuti mano si oseweretsa. Kochotsedwa msanga kamakula kamantha kapena koluma anthu.

Zimenezi sindinawerenge m'buku, zinandichitikira ine ndemwe. Ndili msinkhu wako, tikukhala ku Dómuè, ndinatenga kagalu kamasabata atatu okha, kakuda ka chidontho choyera pamphumi, ndinachita kukalirira mpaka mwini wake anatopa nane nkundipatsa. Unali mwezi ngati uno wa chisanu chija cholowa mpaka m'mafupa. Ndinakagoneka m'dengu kukhitchini, ndinkakapatsa phala ndi tiyi poganiza kuti poti ine ndimakonda tiyi nakonso kakonda, kanalira usiku onse kufuna make, usiku wachiwiri chimodzimodzi, tsiku lachinayi m'mawa ndinakapeza kali zii. Ndinalira kwambiri, amayi ako ndi mboni, ndi iwowo anandithandiza kukumba kadzenje pansi pa mtengo wa mapichesi. Mpaka lero ndikaona kagalu kakuda ndimakumbuka. Sindikufuna iwe udzalire kulira kumene kuja.

Ndiye tichite chonchi. Ine ndibwera pa holide ya 25 Juni, tidzapitira limodzi kukationa, kungoona basi osatenga, tidzabwerera manja lendelende ndipo usadzandikwiyire. Kotenga ndi kumapeto kwa Julayi.

Tikadzafika, choyamba kuyang'ana si tiana ayi, ndi make. Akulu amati make mbuu mwana mbuu. Tidzawafunsa agogo aja mwaulemu, kodi galu wanuyu amagwira nkhuku? amaba mazira m'chikwere? analumapo munthu? anabayidwa katemera? Galu woyamwitsa amakhala wolusa pang'ono poteteza ana ake, zimenezo sizodabwitsa, nchifukwa chake usamapiteko wekha ndipo usagwire kamwana mwini wake asanakupatse m'manja. Koma ngati ali galu woti ngakhale mwini wake amamuopa, kapena woti akaona munthu amathawira kutchire mchira uli pakati pa miyendo, pamenepo tidzaganize kawiri.

Kenako ndiye masewera amene ndimawakonda. Udzakhale pansi, pa dothi pomwepo, usaitane, usaombe m'manja, ungokhala chete ngati uli mu misa, tione zimene tichite. Pamakhala kamodzi kotibula tinzake, kamakwera pamwamba pa tonse, kamalanda bere, kakafika pa iwe kayamba kukoka zingwe za nsapato ndi kuluma zala osasiya. Ana onse amakonda kameneko chifukwa kamasangalatsa, ndipo ndikudziwa iwenso udzati malume ndi aka aka. Pamakhalanso kena kobisala kuseri kwa mtondo, konjenjemera, kosafuna nkuyang'ana komwe, kameneko kamamvetsa chisoni ndipo mtima umafuna kukatola. Koma ine maso anga amakhala pa kachitatu, kamene kamayamba kakuyang'ana kaye, kenako nkubwera pang'onopang'ono mchira ukugwedera, nkukununkhiza, nkukunyambita dzanja, ukakanyamula kamaphiriphitha pang'ono kenako nkukhazikika. Ukudziwa chifukwa chake? Pakhomo panu pali mlongo wako amene wangoyamba kukwawa kumene, amakoka chilichonse chimene wagwira, makutu, mchira, zonse. Pali anapiye. Pali timbuzi. Kotibula kaja kangakhale bwino kwa alenje osaka akalulu ndi mbewa kudambo, kamantha kaja kakufunika nyumba ya phee ya munthu wamkulu wodekha, poti galu wamantha akapanikizika amaluma. Inu mukufunika kofatsa koma kosaopa anthu.

Tikakapeza kotero tidzakayeze ngati madokotala. Maso akhale owala opanda manthongo, mphuno yopanda mamina, ukatukula mlomo pang'ono nkhama zikhale zofiirira bwino osati zotuwa ngati pepala, poti zotuwa ndiye kuti magazi ndi ochepa. Kamimba kakakhala kotupa ngati mpira koma nthiti zikuoneka, mmenemo muli njoka za m'mimba, zimachizika ndi mankhwala koma tiyenera kudziwa. Tidzapatule ubweya tione utitiri, nkhupakupa makamaka m'makutu ndi pakati pa zala, ndiponso ngati pali malo ososoka a mphere. Pansi pa mchira pakhale poyera, pakakhala ponyowa ndi chimbudzi ndiye kuti kakutsegula m'mimba. Pomaliza iwe udzapite kumbuyo kwake uombe m'manja kamodzi, kakatembenuka ndiye kuti makutu ali bwino. Mtundu wa ubweya, kaya kofiira kaya kakuda kaya ka mawangamawanga, zimenezo ndakusiyira iwe, sindilowererapo.

Zoti kakhale kakamuna kapena kakakazi, amene anene ndi amayi ako ndi abambo ako. Wamkazi akakula amatha kutenga bere kawiri pa chaka, bere lake ndi la masiku ngati 63 basi, ndiye posachedwa mukhoza kudzadzidwa ndi tiagalu tosowa kotipereka. Wamwamuna naye ndi woyendayenda, amasowa masiku atatu nkubwera khutu litang'ambika, pokhapokha atafulidwa.

Tsopano nkhani imene sunaifunse. Unati galuyo adzakhala wako wako, osati wa achimwene ako, chabwino ndavomera, koma ukudziwa kuti ntchito yakenso ndi yako? Madzi oyera m'mbale tsiku lililonse, iwe. Kagalu kakang'ono kamadya katatu kapena kanayi pa tsiku, pang'onopang'ono, phala la mgaiwa lothira kapenta wosinja, ndidzakubweretsera wa ku Cahora Bassa woyambira, ndipo usanapite kusukulu uzionetsetsa kuti kadya. Usakapatse mafupa a nkhuku ophika, amathetheka ngati singano nkukabaya m'mimba, minga ya nsomba ya chikowa chimodzimodzi. Ndiwo zodzadza anyezi ayi, chokoleti ayi, zimenezi kwa galu ndi poizoni ngakhale kwa iwe zili zokoma. Pogona pake pakhale pa khonde posafika mphepo, katoni ndi chiguduli chakale zakwana, poti Julayi wa kwanu ndimamudziwa, m'mawa udzu umachita kuyera. Kakakodza m'nyumba usakamenye, kanyamule ukaike panja, mawa chimodzimodzi, mkuja chimodzimodzi, kadzazindikira. Ndipo anyamata akuluakulu akadzakuuza kuti kathire tsabola mu chakudya kapena kadule mchira kuti kakhale kolusa, uwayankhe kuti malume anakana. Bodza lenileni limenelo, kamangomva kuwawa basi.

Apa ndiye ndikufuna umvetsetse, ngati unayamba kusinza dzuka. Pali matenda a chiwewe, amene pa Chipwitikizi amati raiva. Amachokera m'malovu a galu wodwala, akaluma munthu kapena kunyambita pa bala, ndipo munthu akangoyamba kuonetsa zizindikiro palibe mankhwala ochiza. Koma amapewedwa. Kagalu kakakwanitsa miyezi itatu kayenera kubayidwa katemera, kwa kagalu kako ndiye kumayambiriro kwa Seputembala, abambo ako akafunse ku ofesi ya zaulimi ku Vila Ulónguè, ija amati SDAE, kuti a ziweto akubaya liti, ndipo akatipatsa kapepala tikasunge bwino chifukwa katemerayu amabwerezedwa. Pa 28 Seputembala chaka chilichonse ndi tsiku loti dziko lonse lapansi likumbukire za chiwewe, mwina mudzamvanso pa wailesi. Ndipo iwe, galu aliyense akadzakuluma kapena kukukanda mpaka kutuluka magazi, kaya ndi wako kaya wa eni, kaya bala ndi laling'ono bwanji, thamanga ukatsuke ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, uwauze amayi ako nthawi yomweyo, mupite kuchipatala tsiku lomwelo. Usadzabise poopa kukalipiridwa kapena poopa kuti akulanda galu wako, wamva? Ndawauza kale amayi ako kuti pa nkhani iyi yokha palibe kukalipa. Galu wachilendo amene akuyenda mozandima, dovu lili chuchuchu kukamwa, usamuyandikire ndipo usamugende, lowa m'nyumba uitane akuluakulu.

Za dzina, yamba kuganiza panopa. Agogo ako aamuna anali ndi galu dzina lake Mundinenerenji, anamutcha dala chifukwa cha anthu ena oyandikana nawo amene ankakonda miseche, ndiye madzulo aliwonse ankaima pabwalo nkukuwa Mundinenerenji! Mundinenerenji! mudzi onse kumamva, eni nkhaniwo nkumangoyang'ana pansi kkkk. Iwe usatiyambanitse ndi anthu, sankha lalifupi loti kagalu kaligwire msanga, ndipo usatche dzina la munthu wa m'mudzimo, ndakuona kale ukuganiza za aphunzitsi ako a masamu.

Ndidzakwera shapa ya m'mawa, ikapanda kuchedwa pa Mussacama ndifika dzuwa lisanapendeke. Masau ayamba kupsa kuno, ndikutengera thumba lako lako pamodzi ndi malambe, koma ugawireko achimwene ako. Pakadali pano funafuna katoni yolimba ndi chiguduli, upemphenso amayi ako mbale ziwiri zakale, ina ya madzi ina ya phala. Undiperekere moni kwa abambo ako ndi agogo, mlongo wakoyo umupsompsone pa tsaya.

Ndine malume ako