Za mwana wathu ndi mano a nsapato zake

Amwali,

Kavidiyo ka mwana wathu akuphunzira figure skating, masewera otsetsereka pa ayezi ndi nsapato zokhala ndi mpeni kunsi, ku Johannesburg ndakalandira, ndipo ndakaonera mpaka mabandulo kutha. Wakula bwanji! Ife kuno ku Lusaka tili bwino, kungoti dzuwa la Okutobala latipsereza.

Koma pali chimene chandikhudza, ndisakubiseni. Mwanayo akukankha ndi mano aja ali kutsogolo kwa mpeni wa nsapato. N'chifukwa chake akumveka kwe! kwe! ngati nkhuku yopalasa, thukuta kamukamu koma liwiro palibe. Manowo ntchito yake ndi polumpha ndi pa masitepe ena.

Madzulo ano tembenuzani nsapato yake muione kunsi. Mpeniwo ndi wa mamilimita 4 okha m'lifupi, koma pakati pake anaugoba kangalande, choncho uli ndi mbali ziwiri zakuthwa, yam'kati ndi yakunja. Masewera onsewa agona pamenepo. Ukapendekera kumodzi, mbali imeneyo imaluma ayezi n'kukukhotetsa yokha, monga imachitira njinga pa kona. Mphamvu nayo imachokera pomwepo: upinde bondo ndi kakolo, ukanikize ayezi cham'mbali ndi mbali yam'kati, mwendo uwongoke wonse, kenako ubweze phazi pafupi ndi linzake. Wodziwa samveka phokoso lokanda, amangoti see.

Ana amene ndimawaphunzitsa Loweruka pa bwalo la basketball ku Kabwata ali ndi nsapato za matayala, koma bondo ndi lomwelo. Ndimawauza kuti ayende ngati asenza ndowa yodzaza madzi. Atsikana amamva msanga. Msana chilili, maso kutsogolo, mawondo ofewa, madzi asatayike. Ndiye ndimalemba 8 wamkulu ndi choko pa simenti, aliyense azungulire ndi mwendo umodzi. Mbali yam'kati sivuta. Yakunja ndiye mayi wanga ine, mwana amaona ngati akugwera kuphompho, ndipo ndimamugwira dzanja masabata angapo osamufulumizitsa.

Pajatu dzina loti figure skating linachokera ku zithunzi zomwezi zimene ankajambula pa ayezi ndi mpeni. Bungwe la ISU, loyang'anira masewerawa padziko lonse, linazichotsa pa mipikisano mu 1990, ndipo kwa ine anataya chinthu chamtengo. Mwana aliyense lero akufuna kalumphidwe kotchedwa Axel, osadziwa kuti Axel amanyamukira pa mbali yakunja akupita kutsogolo, kalumphidwe kena kotchedwa Lutz pa mbali yakunja akubwerera chammbuyo. Mbali yomwe akuiopayo.

Chonde kambiranani ndi aphunzitsi ake mwaulemu kuti azimupatsa mphindi khumi zozungulira pa mzere tsiku lililonse la phunziro, miyendo yonse iwiri. Akanyinyirika mumuuze kuti ndi azakhali ake a ku Lusaka alamula. Munditumizirenso kavidiyo kena mwezi wamawa, mujambule mapazi, ndipo musaikemo nyimbo, ndikufuna ndimve mpeniwo.

Moni kwa abambo ake.

Ndine mnzanu wa ku Kabwata