Zaka 65 si tsiku la maliro a munthu

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule za nkhani yomwe munasindikiza Loweruka lapitali. Mtolankhani wanu waona pa lipoti kuti munthu amayembekezeka kukhala ndi moyo zaka 65, basi walengeza kuti wazaka 64 watsala ndi chaka chimodzi. Zikomo kwambiri aneneri! Bwanji osatiuziratu tsiku ndi ola lake kuti tiyambe kutsanzikana ndi abale?

Nambala imeneyo ndi avereji yowerengedwa kuyambira pa kubadwa. Khanda likamwalira lisanathe chaka, wina n'kufika zaka 80, avereji yawo ndi 40, chonsecho palibe mwa awiriwa amene wamwalira ali ndi zaka 40. Imfa za makanda ndizo zimakokera nambalayo pansi. Wazaka 64 ngozi za ukhanda anazidutsa kalekale, ndipo funso lomukhudza ndi lina: pa anthu onse amene anakwanitsa zaka 64, ndi angati amwalira asanafike 65? Gawani imfazo ndi chiwerengero cha anthuwo, mwapeza yankho. Mukatero pa msinkhu uliwonse muona kuti ngozi ya imfa imakhala yaikulu m'chaka choyamba, imatsikiratu cha m'ma zaka 10, kenaka n'kuyambanso kukwera. Ngakhale pamenepo, nambalayo ikunena za gulu lonse, sikuloza munthu chala.

Izitu si nzeru zadzulo. Edmond Halley, yemwe uja wa nyenyezi ya mchira, anakonza tebulo loonetsa ngozi ya imfa pa msinkhu uliwonse mu 1693 pogwiritsa ntchito kaundula wa obadwa ndi omwalira wa mzinda wa Breslau ku Ulaya. Mu 1825 katswiri wa masamu Benjamin Gompertz anaonetsa momwe ngozi ya imfa imakwerera munthu akamakula, ndipo masiku ano akatswiri amati kwa akuluakulu imawirikiza kawiri pafupifupi zaka 8 zilizonse. Makampani a inshuwalansi ndi a penshoni amadyera masamu omwewa. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limaika matebulowa pa intaneti, aulere. Koma mtolankhani wathu, ayi ndithu, wawaposa onsewa nzeru.

Chimandiwawa n'choti aka si koyamba. Nambala iliyonse ikangotuluka pa msonkhano, mumaithamangitsira pa tsamba loyamba osafunsa kuti yachokera kuti. Kodi munafunsako kuti imfa zimenezi anaziwerenga ndani? M'mayiko ambiri imfa zochuluka sizilowa m'kaundula, akatswiri amachita kuyerekezera kuchokera ku kalembera ndi kafukufuku wa m'makomo. Nkhani yoti mulembe inali imeneyo, osati kuopseza agogo athu mpaka kuwakwezera BP.

Pepesani pa tsamba lomwelo, ndi zilembo zazikulu ngati zomwe munaopsezera anthu zija. Ndipo ulendo wina muziyamba mwaimbira foni katswiri wa ziwerengero musanasindikize.

Wowerenga wokhumudwa