Kalata yochokera ku Joni

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana kumeneko ku Dedza. Ife kuno tilipo, kungoti mtima wanga sunakhazikike chichokereni kutchalitchi Lamulungu lapitali.

Abusa analalikira pa Mateyu 5:44, paja Yesu akuti tikonde adani athu ndi kupempherera otizunza. Atamaliza anati tigwade, aliyense atchule mdani wake pamaso pa Mulungu. Tchalitchi chonse chinangoti zii. Pakati pathu pali amayi amene anathawa ku Alexandra, dera lina la kuno ku Joni, mu Meyi 2008, pamene kuthamangitsa alendo kunabuka mpaka anthu 62 kuphedwa m'dziko muno. Ena anaperekeza abale awo ku mabasi amene boma lathu linatumiza mu 2015 kudzatenga Amalawi othawa nkhanza zomwezi. Ine ndinaona nkhope za anyamata amene anathyola kashopu kanga ku Jeppestown mu Seputembala 2019. Mmodzi wa iwo ndinkamukongoza buledi, achimwene, amayi ake akasowa ndalama.

Funso langa ndi ili: ndikamupempherera, kodi ndiye kuti zimene anachita zilibe kanthu? Mu Salimo 109 Davide akudandaulira Mulungu mosabisa, akupempha kuti omuneneza alangidwe. Stefano naye, miyala ikumugwera, akupempha Ambuye kuti asawawerengere tchimolo. Onsewa ali m'Baibulo limodzi lomweli. Nanga ine nditsate uti?

Usiku womwewo ndinawerenganso za Yona, amene anapsa mtima chifukwa Mulungu anachitira chifundo anthu a ku Nineve. Mkwiyo wakewo ndikuumvetsa, koma sindifuna kuti undikalambitse. Choncho ndayamba kumutchula mnyamatayo m'pemphero. Ndimapempha kuti apeze ntchito, chifukwa ulova wakuno wasandutsa ana a eni zigawenga, ndiponso kuti manja ake asadzakhudzenso katundu wa mlendo. Mawu amatuluka movutikira. Koma kupempha kuti mlanduwo uiwalike, ayi, pamenepo sindinafikepo, ndipo sindikhulupirira kuti Mulungu wa chilungamo akundifunsa zimenezo.

Inu mwakhala mkulu wa mpingo nthawi yaitali, mwaweruza milandu ya malire a minda pakati pa anthu odyera mgonero limodzi. Munkawauza chiyani? Mundiyankhe mosandinyengerera, ngakhale pa WhatsApp pomwe. Ndipo mukamapemphera, mumuikemo mnyamata ameneyu, chifukwa masiku ena ine ndekha zimandikanika.

Mupereke moni kwa amayi ndi onse kumudzi.

Ndine mbale wanu mwa Ambuye,
wa ku Johannesburg