Pogula makina ochekera matabwa, yambani mwayang'ana kumbuyo kwa sowo

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi akalipentala anzanga kudzera m'nyuzipepala yanu, makamaka achinyamata amene asonkhanitsa kandalama ndipo akufuna kugula makina oyamba a m'shopu mwawo. Ine ndakulira pa matabwa, ndipo ambiri amabwera kudzandifunsa za makina ochekera a patebulo, aja amene sowo yozungulira imatulukira pakati. Funso lawo limakhala limodzi: "Bambo, mota yake ikhale yamphamvu bwanji?" Za kachitsulo kamene kamaima kumbuyo kwa sowo safunsa, chonsecho n'kamene kamasunga zala za munthu.

Ngozi zambiri za makinawa zimayambira kumbuyoko. Sowo ya mamilimita 250 mulifupi ikamazungulira ka 4,000 pa miniti, mano ake amakhala akuthamanga pafupifupi makilomita 190 pa ola. Mano a kutsogolo, mbali imene mwaima, amatsika, ndipo ndi amene amadula kwinaku akutsindira thabwa patebulo. Mano a kumbuyo amakwera n'kumabwera kwa inu. Thabwa losauma bwino, lamfundo kapena lopindika, mukamaling'amba limatha kutseka njira imene sowo yadutsa n'kuipana. Likangokhudza mano akumbuyo aja, amalinyamula n'kuligenda kwa wochekayo, ndipo dzanja limene limakankha limapita lokha pa sowo. Palibe munthu wachangu woti angathawitse dzanja pamenepo. Mnzanga wina amene ndinaphunzira naye ntchito, munthu wosamala kwambiri, anataya zala ziwiri mwa njira imeneyi akung'amba thabwa wamba la chitseko. Mpaka lero kugwira hamala kumamuvuta, ndipo ndikamuona mtima umandiwawa, chifukwa makina ake anangosowa kachitsulo kamodzi.

Kachitsuloka, kamene m'mabuku a makinawa amakatcha riving knife, n'kopyapyala, kokhota motsatira sowo, ndipo kamalowa m'njira imene sowo yadula kuti thabwa lisatsekenso. Pogula, zunguzani chogwirira chokwezera sowo muone ngati kakukwera ndi kutsika limodzi nayo, ndiponso ngati kakupendekeka nayo. Makina ena akale ali ndi chitsulo chomangidwa patali chimene sichisuntha, moti mukatsitsa sowo mpata umakula ndipo thabwa limapeza popanira. Kachitsulo kabwino kamanenepa kuposa thupi la sowo, koma kamachepa poyerekeza ndi njira imene mano amasiya. Bungwe la Health and Safety Executive la ku Britain limalangiza kuti mpata wa pakati pa kachitsuloka ndi mano usapose mamilimita 8. Tengani rula muyeze pomwepo, wogulitsa akuona.

Chivindikiro cha pamwamba pa sowo nachonso chiyeseni ndi manja anu. Apa m'pamene ine ndimasiyanitsira makina abwino ndi oipa. M'mashopu ambiri amene ndalowamo, chivindikiro chili pa msomali kukhoma, chachita kuyera ndi fumbi. Eni ake si anthu opusa. Anachichotsa tsiku lina pofuna kudula kangalande m'thabwa, anaona kuti kuchibwezera kukufuna sipanala ndi nthawi, kasitomala ali pakhomo, basi chinakhalira komweko. Choncho muuzeni wogulitsa achichotse n'kuchibwezera inu mukuona. Akayamba kufunafuna sipanala ndi kugwada pansi pa tebulo, dziwani kuti kwanu sichidzakhalitsa pamalo pake. Sankhani chochoka ndi kubwerera mongokoka kachogwirira, komanso choonekera mkati kuti muziona mzere umene mukudula, pakuti chinthu chobisa ntchito mmisiri sachedwa kudana nacho.

Fensi, chitsulo chotalika chimene thabwa limatsamira pong'ambidwa, ndi imene imapereka muyezo, ndipo ikakhala yoipa ndi imenenso imayambitsa kugenda kuja. Imangeni, kenako muikankhe ndi dzanja kumapeto kwake. Ikasuntha ngakhale pang'ono, makinawo asiyeni. Pulagi ili yozula, yezani kuchokera pa dzino limodzi la kutsogolo kufika pa fensi, zunguzani dzino lomwelo lipite kumbuyo, muyezenso. Kumbuyo kukachepa kuposa kutsogolo, fensiyo izipanikizira thabwa pa mano okwera aja. Ine ndimakonda fensi yotha kukokedwa kubwera kwa wochekayo, kuti pong'amba matabwa a mtengo ithere cha pamene mano akutsogolo amalizira kudula, thabwa likafuna kutseguka lipeze malo. Muwauzenso anyamata anu kuti podula mopingasa asamatsamiritse mutu wa thabwa pa fensi, chifukwa kachidutswa kamapanika pakati pa fensi ndi sowo n'kuuluka. Kucheka mongogwira ndi manja, thabwa lisakutsamira paliponse, kusachitike n'komwe.

Swichi anthu amaipeputsa. Pezani ija yoti magetsi akathima imadzizimitsa yokha, ndipo akayaka makina sadzuka mpaka munthu adinenso batani. Swichi wamba imasiya makina ali chiyatsire, moti magetsi akabwera sowo imayamba kuzungulira wina akuchotsa utuchi ndi dzanja. Batani lozimitsira likhale lalikulu, loti mutha kuligunda ndi bondo manja onse ali pa thabwa. Mukazimitsa, werengani masekondi. Makina a buleki yabwino amaimitsa sowo asanakwane masekondi 10, ndipo zimenezi n'zofunika chifukwa sowo yozimitsidwa imene ikuzungulirabe mwakachetechete imadula chimodzimodzi.

Tsopano za mphamvu zija, ndipo apa sindichedwapo. Makina ang'onoang'ono onyamula m'manja ali ndi mota ya mabulashi, yaphokoso, ndipo anapangidwira woyenda nawo kumalo omangako nyumba. Pa shopu yocheka tsiku lonse pezani olemera, a tebulo lachitsulo chokhuthala ndi mota ya induction (yopanda mabulashi) yoyendetsa ndi lamba, ya makilowati 2 kapena kuposerapo ngati mumang'amba mitengo yolimba. Kulemerako kumachepetsa kunjenjemera. Funsani ngati motayo ndi ya single phase (yoyendera magetsi wamba a m'nyumba) kapena three phase (yofuna magetsi a m'mafakitale) musanalipire. Sowo ya mamilimita 250 imadula thabwa lokhuthala mamilimita a m'ma 75 mpaka 80, ndipo wofuna kuposa apo aganize za sowo ya 300 kapena 315. Onaninso bowo la pakati pa sowo: makina ambiri a ku Ulaya amafuna la mamilimita 30, a ku America la pafupifupi 16. Amene ntchito yake ndi ya mabodi aakulu a makabati, tebulo lotsetsereka la m'mbali lidzamuthandiza kuposa mota yaikulu.

Ngakhale mota ikule bwanji, sowo yobuntha kapena yolakwika imavutitsa. Ya mano 24 ndi yong'ambira, ya mano 60 mpaka 80 ndi yodulira mopingasa ndi mabodi. Mukang'amba thabwa lokhuthala ndi ya mano ambiri imatentha, thabwa limapsa m'mbali, inu mumayamba kukankha mwamphamvu, ndipo dzanja lokankha mwamphamvu likaterereka limathera pa mano.

Ena amva za makina amene amaima okha akakhudza khungu la munthu. Alipodi. Anawatulukira Steve Gass wa ku America mu 1999, ndipo kampani yake ya SawStop inayamba kuwagulitsa mu 2004. Mu sowo mumayenda kamphamvu kochepa ka magetsi. Chala chikaikhudza, makina amazindikira kusintha kwa kamphamvuko, buleki ya aluminiyamu imalowa m'mano, sowo imaima n'kugwera pansi pa tebulo asanakwane mamilisekondi 5 (milisekondi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi). Nthawi zambiri munthu amangotsala ndi kabala kakang'ono. Ku America komweko, bungwe la boma la Consumer Product Safety Commission limati anthu pafupifupi 30,000 amavulala pa chaka atakhudza masowo a makinawa, ndipo pafupifupi 4,000 mwa iwo amaduka zala kapena dzanja. Choncho luso limeneli si lachibwana, ndipo amene angakwanitse, makamaka wophunzitsa ana a eni, agule. Koma adziwe kuti buleki ikaomba kamodzi imafunika yatsopano, kawirikawiri ndi sowo yomwe, ndiponso kuti thabwa lonyowa kwambiri kapena chitsulo chimatha kuiombetsa popanda chala. Adziwenso kuti buleki imeneyi siletsa thabwa kugendedwa. Kachitsulo kakumbuyo kaja kamafunikabe pa makina amenewa.

Ndodo yokankhira thabwa mutha kudzipangira ndi chidutswa chotsala. Italike mamilimita osachepera 450, ikhale ndi kamwa kumapeto, ndipo muziigwiritsa ntchito pa mamilimita 300 omaliza a thabwa lililonse. Izikhala pafupi ndi fensi pomwepo, pamene dzanja lingaipeze osayang'ana. Magolovesi ndi malaya a manja olendewera ayi, sowo imakoka. Yang'ananinso ngati makinawo ali ndi polumikizira paipi yokoka utuchi, chifukwa mu 1995 bungwe la IARC, lofufuza za khansa padziko lonse, linaika fumbi la matabwa m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa, makamaka ya m'mphuno. Timapuma fumbi limeneli kuyambira m'mawa mpaka madzulo.

Ndikudziwa kuti ambiri adzagula makina ogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo ena amamanga okha, mota pansi pa tebulo lathabwa, sowo pamwamba ili yosavindikira. Sindikuwanyoza, ndalama sizipezeka mophweka. Koma pogula akale, zulani pulagi mugwedeze sowo kuti mumve ngati mabering sanathe, ndipo goneketsani rula yachitsulo patebulo muone ngati silinapindike. Ngati kachitsulo kakumbuyo kanatayika, fufuzani ngati pomangira pake palipo, pakuti mmisiri wa zitsulo atha kukudulirani kena pa chitsulo cha makulidwe oyenera. Ngati pomangira palibe ndipo sipangapangike, makinawo asiyeni ngakhale mtengo wake ukukome bwanji.

Kwa ogulitsa ndikupempha kuti azipereka makina ali ndi zonse zimene anabwera nazo, pamodzi ndi buku lake. Kwa eni mashopu anzanga, mnyamata watsopano asayatse makinawa musanaime naye pambali pake, pulagi ili yozula, n'kumuzunguzira sowo ndi dzanja kuti aone yekha mano amene amatsika ndi amene amakwera.

Ine wanu,
Kalipentala wokhudzidwa