Za zala 6 zija, ndi mmene mluza umadziwira poika chiwalo chilichonse

Aise,

Uli bwanji kumeneko? Kuno tili bwino ndithu. Funso lako lija loti zimatheka bwanji mwana kubadwa ndi zala 6 ndaona kuti pa foni sitingamvane, ndiye ndakhala pansi kuti ndilembe, koma upirire chifukwa ndiyambira kutali, ku achule.

Selo la m'diso lako ndi selo la m'chiwindi chako ali ndi DNA imodzimodzi, malangizo a kapangidwe ka thupi olembedwa ngati zilembo, ndipo majini (zigawo za DNA) pafupifupi 20,000 opanga mapuloteni aja ali konsekonse. Amene anaonetsa zimenezi ndi John Gurdon mu 1962, anatenga nyukiliyasi (kathumba kosunga DNA mkati mwa selo) ya selo la m'matumbo a mbululu nkukaiika m'dzira la chule lomwe nyukiliyasi yake anali ataiwononga, dzira lija nkukula mpaka kukhala mbululu yosambira bwinobwino. Ndiye kuti selo la m'matumbo lija silinataye kanthu, linangozimitsa majini ena nkusiya ena akugwira ntchito. Nkhani yonse yagona pamenepo, ili ngati magetsi a m'nyumba, mawaya ndi amodzi koma chipinda chowala ndi chomwe wayatsa siwichi yake. Gawo la DNA lopanga mapuloteni silikwana ndi 2 peresenti yomwe, ndipo m'gawo lotsalalo ndi mmene muli masiwichi ambiri oyatsa ndi kuzimitsa majini.

Poyambirira penipeni mluza sugwiritsa ntchito majini ake, umayendera zinthu zomwe mayi anaikiratu m'dzira. Dzira la chule limagawikana ka 12, maselo kufika cha m'ma 4,000, majini a mluzawo asanayambe kugwira ntchito mwamphamvu, pomwe kwa munthu amayamba maselo akadali 4 mpaka 8 basi. Kenako maselo amayamba kusuntha, ena kulowa mkati, nkupanga magawo atatu. Lakunja limadzakhala khungu ndi ubongo, lapakati minofu, mafupa, magazi ndi impso, lamkati matumbo, chiwindi ndi mapapo. Eti ubongo ndi khungu nzochokera pamodzi, taganiza.

Tsono amauza selo kuti iwe ukhala ubongo, iwe ukhala khungu ndi ndani? Mu 1924 ku Freiburg ku Germany, Hilde Mangold ndi mphunzitsi wake Hans Spemann anatulutsa zotsatira za kafukufuku wawo pa mazira a newt, kanyama ka m'madzi kooneka ngati buluzi. Anadula kachidutswa kakang'onong'ono ka mbali yomwe kudzakhale msana nkukakamata mbali ya kumimba kwa mluza wina, ndipo dala anasankha mitundu iwiri yosiyana, wina woyera wina wakuda, kuti azitha kuona maselo obwera ndi maselo eni ake. Zomwe zinachitika, pamimba paja panamera kanyama kachiwiri, kokhala ndi msana wake ndi mitsempha yake, ndipo maselo ambiri a kachiwiriko sanali obwera aja ayi, anali eni ake omwe akanakhala khungu la pamimba chabe. Kachidutswa kaja kanawalamula kusintha ntchito. Spemann analandira mphoto ya Nobel mu 1935, Mangold yemwe anagwira ntchito yodula ndi kumata ndi manja ake anamwalira mu 1924 momwemo atapsa ndi moto kunyumba kwake ali ndi zaka 25, sanaone nkomwe kutchuka kwa ntchito yake, ine pamenepa zimandikhudza.

Anthu anasakasaka kwa zaka pafupifupi 70 kuti kachidutswa kameneka kamatulutsa chani, akuganiza kuti apeza puloteni yomwe imauza maselo kuti sandukani ubongo. Yankho linabwera chozondoka. Noggin inapezeka mu 1992, Chordin mu 1994, ndipo ntchito ya mapuloteni amenewa ndi kugwira puloteni ina yotchedwa BMP kuti isafike pa maselo. BMP ndi imene imakankhira maselo a gawo lakunja lija kukhala khungu, ndiye pomwe yatchingidwa maselo amapita okha kukakhala ubongo ndi mitsempha ya mumsana. Kwa ine apa ndi pomwe pali pokoma pa nkhani yonseyi, ubongo kuyamba chifukwa choti uthenga wina waletsedwa kufika.

Kuchuluka kwa puloteni nakonso ndi uthenga pakokha. Pali ina dzina lake Sonic hedgehog, inde anaitcha dzina la kanyama ka m'gemu ya pa vidiyo kkkk, imatuluka pansi pa kachubu komwe kadzakhale mitsempha ya mumsana, maselo apafupi amalandira yambiri, akutali yochepa, ndipo mlingo uliwonse umayatsa majini ake, ena nkukhala mitsempha yoyendetsa minofu ena mitundu ina. Ikasokonekera zimaoneka. Cha m'ma 1950 ku Idaho ku America nkhosa zinkabereka ana a diso limodzi pakati pa mphumi, atafufuza anapeza kuti zinkadya chomera chotchedwa Veratrum californicum cha pa tsiku la 14 la bere, ndipo mankhwala a m'chomeracho amatseka njira ya Sonic hedgehog. Majini a ana ankhosawo analibe vuto, chinalakwika ndi uthenga ndi nthawi yake. Nchifukwa chakenso kuchipatala amalimbikira za folic acid, vitamini yothandiza kuti kachubu kaja katsekeke bwino, mayi asanaime nkomwe, poti kachubuko kwa munthu kamakhala katatsekeka pofika tsiku la 28, nthawi yomwe amayi ambiri sanadziwebe kuti ndi oyembekezera.

Ndafika tsopano pa zala zako zija. Dzanja likamayamba limakhala kachotupa chabe, ndipo Sonic hedgehog yomweyo imatuluka mbali imodzi yokha, mbali yomwe kudzakhale chala chaching'ono, ndiye zala zimasiyana malinga ndi kuchuluka komwe zalandira komanso kutalika kwa nthawi yomwe zailandira, chala chachikulu nkumera komwe siifika. Siwichi yomwe imayatsa jini limeneli m'dzanja imatchedwa ZRS ndipo ili kutali kwambiri, zilembo za DNA pafupifupi 1 miliyoni kuchokera pa jinilo, DNA imachita kupindika kuti zikumane. Chilembo chimodzi chokha chikasintha pa siwichi imeneyi jini limatha kuyakanso mbali inayo komwe silimayenera kuyaka, mwana nkubadwa ndi chala chowonjezera mbali ya chala chachikulu, ndipo zomwezi zimachitikanso kwa amphaka ndi mbewa. Koma usathamangire kuuza anthu kuti zala 6 zonse ndi ZRS, kachala kolendewera kaja kamatuluka mbali ya chala chaching'ono, komwe timakaona kawirikawiri, kali ndi zoyambitsa zina, ngakhale nako kamayenda m'magazi a banja.

Njoka nazo zili m'nkhani yomweyi. Jini la Sonic hedgehog zili nalo labwinobwino, chomwe chinawonongeka ndi siwichi ya miyendo. Mu 2016 asayansi ku California anachotsa ZRS ya mbewa nkuikapo ya njoka, mbewa zija nkubadwa ndi timiyendo tongotumphuka, atabwezeretsa zilembo 17 zomwe zinasowa pa siwichi ya nsato miyendo inameranso. Ndipo nsato ukaiyang'anitsitsa chakumchira ili ndi tizikhadabo tiwiri, totsalira ta miyendo yakumbuyo.

Undiuze kuti chala cha mwana unkanena uja chili mbali iti, kwa chachikulu kapena kwa chaching'ono. Upereke moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mnzako uja.