Ndili ndi pakati mwana akadayamwa, apongozi akuti ndikumupha

Zikomo Azakhali,

Ndikulemba usiku, tulo tandithawa. Mwana wanga ali ndi miyezi 11, akadayamwa, koma ine ndili ndi pakati pa miyezi inayi. Eya, ndatumbiza. Mawu amenewa ndawamva kale pampopi, ndipo amayi akutchalitchi amayamba ayang'ana pamimba kenako n'kundipatsa moni.

Apongozi anafika kuchokera ku Thyolo atangomva nkhaniyi. Akuti mkaka wa mayi woyembekezera ndi woola, ndi wa mwana wam'mimbayo, uyu akamayamwa atupa mapazi. Mwanayu atatsegula m'mimba sabata yatha anati, "Mwaona? Mukupha mwana chifukwa cha dyera lanu." Dyera langa ndekha? Mimbayi ndinadzipatsa ndekha? Mwana wawoyo sanamuyankhule olo liwu limodzi. Dzulo ndinawapeza akusinja tsabola mu kamtondo kanga ka nsinjiro, ati ndipake kumawere kuti mwana aleke. Kamtondoko kakuwawabe mpaka pano, ndiye nsinjiro zaphala la mwana ndisinjire muti? Likuni Phala amene ndinagula ndi ndalama zanga anathera alamu anga, amangoti n'ngokoma.

Chimene chikundiwawa n'chakuti ndi apongozi omwewa amene anandiletsa jakisoni wolera, amvekere woyamwitsa satenga mimba, ife tinalera ana asanu ndi atatu popanda zobayabaya. Kusikelo ndi kumene ndamva kuti zimenezo zimatheka mwana asanakwane miyezi 6, ukuyamwitsa mwakathithi usana ndi usiku, komanso usanayambirenso kusamba. Nanga mwakathithi wake uti, poti nditabwerera kuntchito iwo anayamba kumumwetsa madzi ndi phala lamadzimadzi ali ndi miyezi itatu, ati khosi lamuuma? Lero wolakwa ndine.

Anamwino anandiuza kuti mkaka suola. Akuti ngati mimba ilibe vuto ndipitirize, mwana amayenera kuyamwa mpaka zaka ziwiri, ndizidya mokwanira ndi kumwa mapiritsi owonjezera magazi aja. Za kutsegula m'mimba anati Thanzi ORS ndi zinki, bere osamuletsa. Koma amayankhula mothamanga, mzere unali wautali, ndiye sindinawauze kuti akamayamwa nsonga zamawere zimapweteka ngati akuzicheka ndi lezala, ndipo nthawi zina m'mimba mumalimba. Mkakanso wachepa. Amakoka, n'kulavula bere, n'kuyamba kulira. M'buku la sikelo mzere wake sukukwera, mwezi uno ndi watha pamodzimodzi. Apongozi saziwerenga zam'bukumo, koma ine ndimaziona, ndipo mawu awo aja amandibwerera.

Bambo ake amangoti zimenezo n'za azimayi, mumvane ndi amayi. Pali zina za iwo ndi ine zimene sindinganene m'nyuzipepala, mungodziwa kuti sindine ndinkafuna kuti tiyambirenso msanga.

Kuntchito sindinanenebe, ndikungovala zotayataya. Lamulo limapereka tchuthi chauchembere cha masabata 8 pa zaka zitatu zilizonse, ndipo changa ndinatenga kale pa mwana uyu. Winayo akabadwa adzayamwa bwanji miyezi 6 ine ndili kuntchito? Lactogen sindingakwanitse, olo chitini chimodzi pa sabata.

Ndiye ndithandizeni, Azakhali. Ndimuletse kapena ndipitirize? Kulimba kwa m'mimbaku sikungachititse kuti ndipite padera? Ndikapitiriza, wamkuluyu samaliza mkaka woyamba wachikasu uja, umene akuti ndi chitetezo cha wakhanda? Ndipo apongozi ndiwayankhe bwanji popanda kundiitanira ankhoswe? Akuti Loweruka anyamuka naye mwanayu kupita ku Thyolo kuti akaiwale bere, bambo ake avomera kale, ine sanandifunse. Ndili ndi mphamvu yokana?

Ndine wothedwa nzeru,
ku Bangwe